UPS ikamadula magetsi kompyuta isanamalize kuzima

Mu ofesi ina yaing'ono ku Luwinga, mu Mzuzu, muli seva imodzi, kompyuta yosungira mabuku a ndalama, ndipo pansi pa tebulo lake pali UPS (bokosi la batire limene limapitiriza kupereka magetsi a kukhoma akathima) imene eni ake anagula poganiza kuti nkhani ya magetsi yatha. Komabe magetsi akathima usiku kwa nthawi yaitali, m'mawa mwake ankapeza chimodzi mwa zinthu ziwiri. Tsiku lina seva inkayaka koma n'kuyamba kaye kukonza disiki kwa mphindi zambiri, kenako pulogalamu ya maakaunti n'kukana kutsegula fayilo ya dzulo. Tsiku lina ankaipeza ili zii, osayaka, pamene magetsi anabwera kalekale mbandakucha ndipo UPS ikuonetsa nyali yobiriwira ngati palibe chachitika. Mayi amene amayang'anira ofesiyo atandiitana anati, "Achimwene, chinthuchi tinagula kuti chiziteteza kompyuta, nanga bwanji chikukhala ngati ndicho chikuipha?" Batire linali lisanathe mphamvu, ndipo seva inalibe vuto. Chimene chinalakwika ndi nthawi imene UPS inkauzidwa kudula magetsi.

Ambiri amadabwa kumva kuti UPS iyenera kudula magetsi mwadala, choncho tiyambire pamenepo. Kompyuta ikazima bwinobwino koma UPS n'kupitiriza kupereka magetsi, batire limapitirirabe kutha chifukwa cha switch ya netiweki, rauta ndi UPS yeniyeniyo, mpaka litatheratu, ndipo batire la mtovu ndi asidi, lija la 12V 7Ah kapena 9Ah limene lili mu UPS zambiri za m'maofesi, limafooka msanga likamatheratu kawirikawiri. Chifukwa chachiwiri ndicho chachikulu. Kompyuta imadziyatsa yokha pokhapokha ikaona kuti magetsi anachoka kenako abweranso. Ngati magetsi a ESCOM abwera batire lisanathe, kompyuta yozimayo sinaone kusintha kulikonse pa waya wake, motero imangokhala chete kudikira munthu wodzadina batani. N'chifukwa chake pulogalamu yoyang'anira UPS imailamula kuti idule magetsi kwa kanthawi, ndi kuwabwezeretsa a kukhoma akabwera. Vuto lonse lagona pa funso lakuti lamulolo liperekedwe liti, ndipo UPS idikire masekondi angati isanalitsatire.

Pali nthawi zitatu zimene ziyenera kugwirizana. Yoyamba ndi pamene kuzimitsa kumayambira, yachiwiri ndi kutalika kwa kuzimitsako mpaka disiki italembedwa komaliza, yachitatu ndi masekondi amene UPS imawerenga kuchokera polandira lamulo kufikira podula. UPS ikayamba kuwerenga sidziwa kanthu za zimene zikuchitika m'kompyuta, ndipo siima kuti ifunse ngati mwamaliza. Choncho lamulo likaperekedwa kumayambiriro kwa kuzimitsa, masekondiwo ayenera kukwanira ntchito yonse, pamene likaperekedwa kumapeto, madisiki atatsekedwa kale, masekondi 20 kapena 30 amakwana bwino. Njira yachiwiriyi ndiyo yotetezeka, ndipo paliponse pamene ikutheka ndiyo ndimasankha.

Pa Linux, pulogalamu imene ambiri amagwiritsa ntchito ndi Network UPS Tools, imene timangoitchula kuti NUT, ndipo ndondomeko yake ndi yofunika kuidziwa pamtima chifukwa vuto lililonse limakhala pa sitepe imodzi ya ndondomekoyi. Magetsi akathima UPS imanena kuti ili pa batire, zimene lamulo la upsc limaonetsa ndi zilembo OB. Batire likatsika imawonjezera LB. Zizindikiro ziwirizi zikaonekera limodzi, upsmon, pulogalamu ya NUT yolondera UPS, ya pa kompyuta imene yalumikizidwa ku UPS ndi waya wa USB imalengeza FSD, kutanthauza kuti kuzimitsa kwayamba ndipo sikubwereranso m'mbuyo ngakhale magetsi atabwera pomwepo. Imadikira makompyuta ena amene akudya pa UPS yomweyo kuti atsanzike, kwa masekondi osapitirira HOSTSYNC, amene mwachizolowezi ndi 15, kenako imadikiranso FINALDELAY, masekondi 5, n'kulemba kafayilo kachizindikiro, kawirikawiri /etc/killpower, ndipo pomaliza imaitana lamulo lozimitsa. Mapulogalamu onse akatsekedwa ndipo madisiki sakulembedwanso, kapulogalamu kakang'ono kotchedwa nutshutdown, kamene systemd, pulogalamu yoyatsa ndi kutseka mapulogalamu pa Linux, imakayendetsa kumapeto kwenikweni kuchokera mu foda ya system-shutdown, kamayang'ana ngati kafayilo kaja kalipo, ndipo kakakapeza kamayendetsa upsdrvctl shutdown, lamulo louza UPS kuti idule magetsi. Apa ndi pamene UPS imayamba kuwerenga.

Ngati m'mawa mukupeza disiki ikukonzedwa, choyamba onetsetsani kuti palibe amene anaika lamulo lodula magetsi pamalo olakwika. Ku Luwinga kuja ndi zimene zinachitika: amene anakonza poyamba anaika upsdrvctl shutdown mumzere wa SHUTDOWNCMD, umene umasunga lamulo lozimitsa kompyuta, patsogolo pa lamulo lozimitsa, mwina poopa kuti kumapeto silidzafika ku UPS. Zotsatira zake UPS inkayamba kuwerenga masekondi ake 20 pamene database inali isanayambe n'komwe kutseka mafayilo. Titayeza ndi wotchi ya pafoni, seva ija inkatenga mphindi ziwiri ndi masekondi 40 kuti izime. Tinachotsa lamulolo pamenepo n'kusiya ntchitoyo kwa nutshutdown, ndipo vuto la disiki linathera pomwepo.

Ngati lamulo lili pamalo pake koma magetsi akudulidwa nthawi yomweyo popanda kudikira, yang'anani nambala ya offdelay mu fayilo ya ups.conf. Pa driver (pulogalamu yolankhula ndi UPS) ya usbhid-ups, offdelay, nthawi yodikira UPS isanadule, imakhala masekondi 20 ndipo ondelay, nthawi yodikira isanayatsenso, masekondi 30 ngati simunasinthe, ndipo ondelay iyenera kukhala yaikulu kuposa offdelay nthawi zonse, apo ayi UPS ina imazima osadzukanso magetsi akabwera pakati pa kuwerengako. Koma si UPS iliyonse imawerenga masekondi mmene mwalembera. Malangizo a NUT amachenjeza kuti mitundu yambiri ya CyberPower imagawa nambalayo ndi 60 n'kutaya zotsala, kotero kuti 20 amasanduka 0, ndiye kuti kudula pompopompo. Pa mitundu imeneyi lembani offdelay 60 ndi ondelay 120 kapena kupitirira apo. UPS zambiri zotsika mtengo zimene zimapezeka m'masitolo athu zimalankhula chinenero cha Megatec kudzera pa driver ya nutdrv_qx, ndipo zimenezi zimawerenga mwa masekondi 6, 6 nthawi ikakhala yosakwana mphindi, kapena mwa mphindi zathunthu ikapitirira apo, moti mukalemba 100 zimamva 60. Mukasintha, yambitsaninso driver ndi kuona ndi upsc kuti ups.delay.shutdown ndi ups.delay.start zikuonetsa chiyani, koma musakhutire ndi zimenezo. Nambala ya pasikirini ndi imene driver ikufuna, pamene imene UPS idzatsatire mudzaidziwa ndi wotchi m'manja.

Vuto lovuta kulizindikira limabuka pamene UPS imodzi ikudyetsa makompyuta angapo, mwachitsanzo seva yaing'ono yothamanga imene ili ndi waya wa USB, ndi bokosi la NAS losungira mafayilo pa netiweki kapena seva yaikulu ya makina a virtual (makompyuta angapo oyendetsedwa mu kompyuta imodzi) imene imamva uthenga kudzera pa netiweki. Makompyuta achiwiriwa amatsanzika pamene akuyamba kuzima, osati pamene amaliza. Yoyamba ija ikaona kuti onse atsanzika imapitiriza ulendo wake, imazima m'masekondi 30, n'kulamula UPS, ndipo magetsi amadulidwa pamene seva yaikulu ikadali pakati potseka makina ake mmodzimmodzi. Mukayang'ana pa kompyuta yoyambayo zonse zimaoneka zabwino, chifukwa iyo inazimadi mwadongosolo. Njira yake ndi kuyeza kompyuta yochedwa kwambiri pa zonse, kenako kuwonjezera FINALDELAY pa kompyuta yoyamba, kapena offdelay, kuti nthawi yonse pamodzi ipitirire ya yochedwayo. Njira ina imene ndimaikonda kuposa zonsezi ndi kusamutsa waya wa USB kuti ukhale pa kompyuta yochedwa kwambiriyo, popeza ikatero ndiyo imakhala yomaliza kutseka chitseko. Kumbukiraninso kuti switch ya netiweki iyenera kukhala pa UPS yomweyo. Ndinaonapo malo pamene switch inali pa soketi ya kukhoma, moti magetsi akathima uthenga wozimitsa sunkafika kwa wina aliyense.

Poyeza nthawi ya kuzima, musayeze Loweruka masana ofesi ili phee n'kuganiza kuti mwapeza nambala. Yezani tsiku la ntchito, mapulogalamu onse ali otsegula, ndipo yezani kangapo. Pa systemd, pulogalamu ikakana kutseka imapatsidwa masekondi 90 isanaphedwe mokakamiza, ndipo foda ya pa netiweki imene seva yake yazima kale imachedwetsa chimodzimodzi, choncho kuzima kumene dzulo kunatenga masekondi 40 lero kukhoza kutenga mphindi zitatu popanda chenjezo. Lamulo la journalctl -b -1 limaonetsa zimene zinachitika kompyuta isanazime ulendo wathawo, ngati journal, kaundula wa zochitika mu kompyuta, imasungidwa pa disiki, ndipo mzere womaliza umakuuzani ngati kuzimako kunafika kumapeto kapena kunadukizidwa. Mukapeza nthawi yaitali kwambiri, ichulukitseni kawiri. Ine sindichepetsa pamenepa, chifukwa mphindi imodzi yowonjezera imangodya batire pang'ono, pamene masekondi 5 operewera amaononga ntchito ya tsiku lonse.

Amene amagwiritsa ntchito pulogalamu ina yotchedwa apcupsd ndi UPS za kampani ya APC ali ndi ndondomeko yofanana koma mayina ndi ena. Kafayilo kachizindikiro ndi /etc/apcupsd/powerfail, ndipo lamulo lodula limaperekedwa kumapeto kwa kuzima. Nthawi yodikira imasungidwa m'kati mwa UPS yeniyeniyo, ndipo pa mitundu imene imalola imasinthidwa ndi pulogalamu ya apctest, mutayamba mwaimitsa apcupsd. Chenjerani ndi KILLDELAY: ikakhala 0 sigwira ntchito, koma mukaika nambala imayamba kuwerengedwa kuzimitsa kukangoyamba, ndipo inapangidwira makina amene sangathe kupereka lamulo kumapeto. Komanso BATTERYLEVEL 5 ndi MINUTES 3, kutanthauza kuzimitsa batire likatsala 5 peresenti kapena mphindi zitatu, zimene zimabwera ndi fayilo ya apcupsd.conf, n'zochepa kwambiri kwa ife kuno, pa chifukwa chimene ndifotokoze posachedwa.

Pa Windows nkhani ndi yosiyana pang'ono, chifukwa pulogalamu yoyang'anira UPS imatsekedwa pamodzi ndi mapulogalamu ena ndipo siikhalapo kumapeto kuti ipereke lamulo. Imalamula kumayambiriro, choncho nthawi imene mumalemba m'bokosi lofunsa kuti kompyuta imatenga nthawi yaitali bwanji kuzima iyenera kukwanira ulendo wonse. Mdani wamkulu apa ndi ma update amene akudikira kuikidwa pozimitsa, pakuti kompyuta imene imazima m'masekondi 30 ikhoza kukhala mphindi khumi ikukupemphani kuti musaizimitse, UPS ili mkati mowerenga. Ikani ma update inu eni masana magetsi alipo, ndi kuyambitsanso kompyuta pomwepo kuti pasatsale kanthu kodikira usiku.

Tsopano tibwere pa nthawi yoyambira kuzimitsa, pamene ndimaona kuti malangizo olembedwa kunja satithandiza mokwanira. Malangizowo amaganiza za dziko limene magetsi amathima kamodzi pa chaka kwa mphindi zochepa, ndiye amalola kompyuta kudikira mpaka batire litatsala pang'ono kutha. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, n'kuyenda mtunda wautali asanafike kuno kumpoto, ndipo m'nyengo ya mvula, imene kuno ku Mzuzu imachedwa kutha, si zachilendo kuti athime, abwere kwa mphindi khumi, n'kuthimanso. Taganizani zimene zimachitika pamenepo. Ulendo woyamba seva inadikira mpaka batire litatsala 5 peresenti n'kuzima bwino. Magetsi abwera, UPS yayatsa, seva yayamba kudzuka, ndipo isanamalize magetsi athimanso. Batire limafuna maola angapo kuti lidzaze, ndiye m'mphindi khumi silinalandire kanthu. UPS imagwa m'masekondi ochepa seva ili pakati polemba pa disiki, upsmon isanayambe n'komwe kugwira ntchito. Nambala zonse za offdelay zikhoza kukhala zolondola, koma disiki n'kuonongekabe.

Choncho kuno yambani kuzimitsa msanga, batire likadali ndi mphamvu yokwanira kuzimitsa kawiri. Pa NUT mungathe kugwiritsa ntchito upssched kuti iyambe kuwerenga magetsi akangothima ndi kuzimitsa pakatha mphindi zimene mwasankha, n'kuleka kuwerengako magetsi akabwera msanga. Mungathenso kuika ignorelb mu ups.conf pamodzi ndi override.battery.charge.low = 50, kuti driver iziona batire ngati latsika likafika theka. Pa apcupsd ntchito yomweyi imagwiridwa ndi TIMEOUT kapena pokweza BATTERYLEVEL. Kuwerenga mphindi ndimakukhulupirira kuposa maperesenti, chifukwa batire likakalamba UPS yaing'ono ikhoza kunena kuti lili pa 60 peresenti kenako n'kugwa mwadzidzidzi. Kumbali yodzuka, ngati UPS yanu imawerenga ondelay kuyambira pamene magetsi abwerera, italikitseni kufika mphindi zitatu kapena zisanu kuti magetsi ophethiraphethira asamadzutse seva, ndipo ngati UPS yanu imalola kusintha battery.charge.restart, kapena RETURNCHARGE pa apcupsd, iuzeni kuti isayatse kufikira batire litafika pamlingo woti n'kuzimitsiranso kompyuta.

Pamalo pamene pali jenereta, mphindi zoyambira kuzimitsa ziyenera kupitirira nthawi imene mlonda amatenga kuti apeze tochi, afike kuseri, ayatse jenereta ndi kutembenuza changeover, apo ayi seva izizima nthawi iliyonse pamene magetsi atsala pang'ono kubwera. Mufunseni iye mwini kuti zimamutengera nthawi yaitali bwanji usiku kukugwa mvula, osati masana. Dziwaninso kuti UPS ina imakana magetsi a jenereta yaing'ono ngati akusinthasintha kutali ndi 230V ndi 50Hz. Nyali za mu ofesi zimayaka, aliyense n'kumaganiza kuti zonse zili bwino, pamene UPS ikadali pa batire ndipo ikulira pansi pa tebulo. Mukaona OB jenereta ikulira, vuto lili pamenepo, ndipo pa mitundu ina limatha potsitsa sensitivity.

Vuto lija lopeza seva ili zii m'mawa lili ndi magwero awiri. Mwina UPS sinadule konse, chifukwa lamulo silinafike kapena mtundu umenewo sumva lamulolo, kapena inadula koma kompyuta sinauzidwe kuti izidziyatsa. Lowani mu BIOS, tsamba la masetingi limene mumalitsegula kompyuta ikangoyaka, pezani mzere wonena za zimene kompyuta ichite magetsi akabwerera, umene nthawi zambiri umalembedwa kuti Restore on AC Power Loss kapena AC Recovery, ndipo musankhe Power On. Musasankhe Last State, chifukwa kompyuta imene inazimitsidwa mwadongosolo imakumbukira kuti inali yozima ndipo imakhalabe choncho. Mukapeza kuti zimene munasankha zabwerera mwakale zokha ndipo wotchi ya kompyuta yasokonekera, sinthani kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa motherboard. Ku Luwinga kuja BIOS inali pa Last State, n'chifukwa chake masiku amene UPS inadula seva isanamalize kuzima inkadzuka ndi disiki yoonongeka, pamene masiku amene inapulumuka n'kuzima bwino inkagona mpaka m'mawa. Makompyuta ena amafunanso kuti magetsi achoke kwa masekondi khumi kapena kupitirira kuti azindikire kuti anachokadi, chimene ndi chifukwa china chosafupikitsira ondelay.

Pali vuto lina losowa koma loopsa, lakuti UPS imadula magetsi ngakhale pamene mwangoyambitsanso kompyuta mwachizolowezi magetsi alipo, n'kugwetsa zonse zimene zili pa UPS imeneyo. Zimachitika ngati wina analemba yekha kapulogalamu ka kumapeto koma kosayang'ana kafayilo kachizindikiro kaja. Lamulo la upsmon -K ndilo limafunsa ngati kafayiloko kalipo, ndipo lodula liyenera kudalira yankho lake.

Zonsezi zikakonzedwa, yesani, ndipo muyambe mwakopera deta yanu pamalo ena. Kuyesa koyamba chitani magetsi alipo: lembani upsmon -c fsd, yambitsani wotchi, ndipo mulembe papepala nthawi imene kompyuta iliyonse yazima, nthawi imene UPS yalira "tiki" podula, ndi nthawi imene yayatsanso. Lamulo limeneli si lamasewera, limazimitsadi zonse, choncho chenjezani anzanu mu ofesi. Pakati pa kuzima kwa kompyuta yomaliza ndi kudula kwa UPS payenera kukhala mpata woonekeratu. Kuyesaku kumayankhanso funso lija la magetsi obwera pakati pa kuzimitsa, chifukwa UPS ikudula a kukhoma alipo, ndipo iyenera kuyatsanso yokha. Kuyesa kwachiwiri ndi kwa batire: thimitsani swichi ya pa soketi ya kukhoma m'malo mozula pulagi, popeza masoketi athu a mabowo atatu amasiya waya wa earth uli wolumikizidwa swichi ikathimitsidwa, pamene kuzula pulagi kumachotsa earth ku zipangizo zonse. Dikirani mpaka zonse zitazima ndipo UPS itadula, kenako yatsani swichi n'kuona ngati seva ikudzuka popanda munthu kuikhudza. Ngati pa UPS pali printa ya laser, ichotsenipo musanayese; ikamatenthetsa imakoka magetsi ochuluka kuposa makompyuta onse pamodzi ndipo ikhoza kugwetsa UPS nthawi yomweyo.

Nambala zimene mwapeza lero sizikhala zoona mpaka kalekale. Mabatire amenewa amakhala zaka zitatu mpaka zisanu akamasamalidwa, ndipo amene amagwira ntchito tsiku ndi tsiku safika n'komwe pamenepo, ngakhale kuti kuzizira kwa ku Mzuzu kumawachitira chifundo kusiyana ndi kutentha kwa ku Karonga kapena ku Nkhata Bay. Ine ndimabwereza kuyesa kwa batire mvula isanayambe mu Novembala, komanso nthawi iliyonse pamene pawonjezeredwa kompyuta kapena disiki pa UPS, ndipo pepala la nthawi zija ndimalimata pambali pa UPS pamodzi ndi tsiku limene batire linaikidwa. Pa pepala la ku Luwinga panalembedwa kuti seva imayamba kuzima pakatha mphindi 6 magetsi atathima, imamaliza isanakwane mphindi 9, UPS imadula patapita masekondi 60, ndipo imadikira mphindi zitatu isanayatsenso. Batire lawo panthawiyo linkanyamula katundu yense kwa mphindi 19, ndipo tinagwirizana ndi mayi aja kuti tsiku limene kuyesa kudzaonetse mphindi zosakwana 15, adzatume munthu m'tauni kukagula lina.